Mano a Mestre Meque

Matope ku Beira ndi osatha, koma munthu amene ankawadziwa ndi kamwa anali mmodzi yekha, Anastácio Meque, amene tonse tinkawatcha Mestre, kutanthauza katswiri. Ndinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zinayi mu labotale yoyeza dothi, m'chinyumba chakale chosungiramo katundu kuseri kwa doko. Mpaka lero ndikamva fungo la phula losungunuka ndimawakumbuka, ndipo mtima umandiwawa.

Ntchito yathu inali yotere. Munthu akafuna kumanga chinthu m'mphepete mwa nyanja, kaya khoma kaya pokochezera sitima, ankatumiza obowola pachibwato kuti akatape matope a pansi pa madzi. Matopewo ankabwera m'mapaipi achitsulo otalika ngati mkono, otsekedwa ndi phula uku ndi uku kuti asaume. Mestre ankawakankha kuti atuluke ali amphumphu, n'kuwang'amba pakati ndi kawaya. Theka limodzi ankalikulunga n'kulisunga m'chipinda chachinyezi. Theka linalo ankaliyang'ana, kulinunkhiza, kulifinya, kenako n'kusankha tizidutswa toti tilowe m'makina opanikiza, mmene dothi limafinyidwa pang'onopang'ono mpaka litagonja.

Ine Felismina ndinali wa manambala. Poyamba ndinkajambula pamanja, pensulo kuseri kwa khutu, ndipo kompyuta itabwera mu 1993 anaipereka kwa ine chifukwa amuna onse ankaiopa. Ndinkajambula mtsetse wa pansi pa madzi, n'kulembamo mphamvu za dothi zimene Mestre apeza, kompyutayo n'kumafufuza pamene mtsetsewo ungagumukire. Pamapeto pake ankatulutsa nambala imodzi basi. Ikaposa imodzi ndi theka, mangani. Ikalephera kufika pa imodzi, thawani. Koma kompyuta imangodziwa zimene waiuza, ndipo ine ndinkangoiuza zimene Mestre andiuza.

Tsono Mestre ankaluma matope. Ee, kuluma ndithu. Ankatsina kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga, n'kukaika pakati pa mano akutsogolo, maso atatsinzina. Dongo lenileni limangoterera m'mano ngati batala. Koma pali mchenga wina wosalala ngati ufa, wotuwa chimodzimodzi ndi dongo, umene diso siliuona ndipo chala chimanamizika nawo. Umenewo umamveka m'mano mokha, ngati mpunga wosapeta bwino. Woopsa ndi umenewo. Dongo limagwirana, koma uwu ukakhuta madzi n'kusokonezedwa umasanduka phala, zonse zimene zili pamwamba pake n'kutsetsereka.

“Mana Felismina, bwerani mudzalaweko,” ankatero, mana kutanthauza chemwali. “La lero ndi la ku mtsinje wa Pungwe, lonona.”

“Ine mayi anga anandiletsa kudya dothi ndili ndi zaka ziwiri, Mestre.”

“N'chifukwa chake simunatalike.”

“Mukudziwa zimene anthu a ku Munhava amataya m'madzimo inu?”

“Ili lachokera mamita asanu ndi anayi pansi. Linagona pamenepo agogo a anthu a ku Munhava asanabadwe. Ndi laukhondo kuposa mabajiya mumagula pageti aja.”

Ndinkatsonya n'kubwerera pampando wanga. Zaka zonsezo sindinalaweko, ndipo ndinkanyadira.

Mmene ankasamalira mano awo, abale inu! Nzimbe sankadya. Botolo sankatsegula ndi mano ngakhale anzawo awaseke chotani. Tiyi ankamwa wopanda shuga, wofunda chabe. M'mawa uliwonse ankatsuka m'kamwa ndi muzu wa mulala mpaka milomo kufiira, n'kupalasa njinga kuchokera ku Munhava akumwetulira aliyense panjira. Akazi awo, Dona Rabeca, anandiuza tsiku lina kuti, “Mwana wanga, m'nyumba mwathu mkazi wamkulu ndi manowo. Ine ndine wachiwiri.”

Zaka za nkhondo ndimazikumbuka ndi chisoni, koma labotale ya nthawi imeneyo ndimailakalaka. Magetsi ankazima masiku atatu, makina ali pakati pa ntchito. Mestre ankavula malaya n'kumazungulitsa chogwirira pamanja, pang'onopang'ono, osadumphitsa, ine ndikuwerenga kamuvi ka pamakinawo ndi kulemba. Chipinda chachinyezi tinkachinyowetsa ndi masaka oviika m'madzi amene tinkatunga tokha. Masana tinkagawana buledi mmodzi anthu anayi, wina akabweretsa chinangwa chophika ndi kokonati ndiye kuti linali phwando. Tinkakangana za mpira, za mabwana, za chilichonse. Tinali osauka zedi, koma sindikumbuka tsiku limene ndinadzuka ndikudana ndi kupita kuntchito.

Mestre analibe galimoto. Nyumba yawo inakhala yosamaliza zaka zonse zimene ndinawadziwa. Chimene anali nacho ndi dzina. Lipoti likafika ku doko lili ndi siginecha ya Meque, mainjiniya sankafunsanso. Zaka makumi atatu ndi chimodzi, palibe chimene anasayinira chimene chinasuntha. Ankakonda kunena zimenezo, ndipo ine ndinkawauza kuti adzafa ndi matama.

Mu Febuluwale wa 1997 mvula inagwa yoopsa, misewu ya ku Munhava n'kusanduka mitsinje. Mestre akubwera kuntchito, tayala lakutsogolo la njinga yawo linalowa m'dzenje lobisika m'madzi pafupi ndi njanji, iwo n'kukamenyetsa pakamwa pachitsulo. Mano akutsogolo, am'mwamba ndi am'munsi, anatsala pamenepo. Ena anagwedera, n'kudzawazulanso. Anakhala kunyumba mwezi ndi theka. Mwana wawo anawatengera ku Mutare, kumene anakawaikira mano oikirira.

Tsiku limene anabwerera tinawalandira ndi chiphokoso. Mano oyera mbee, ofanana ngati mabatani.

“Koma Mestre mwabwerera unyamata!” ndinatero. “Dona Rabeca achenjere.”

Bwana wathu, injiniya Cuamba, munthu wa ku Maputo wokonda kufulumira, anafunsa moseka, “Nanga zida zatsopanozi zikugwira ntchito?”

“Kuposa zakale, bwana,” anayankha Mestre.

Tonse tinaseka. Palibe amene anaganiza kawiri, ngakhale ine amene ndimadzitama kuti ndimaona zonse.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho tinalandira ntchito yaikulu. Kampani ina ya maboti opha kamarawu, tinkhanu ta m'nyanja tija, inkafuna kumanga pokochezera pake, ndipo kutsogolo kwake kunkafunika kukumba pansi pa madzi kuti maboti azifika ngakhale nyanja itaphwa. Ukakumba choncho umasiya khoma la matope lotsetsereka pansi pa madzi, ndipo funso linali lakuti khomalo liima kapena ayi. Pamwamba pake pankadzakhala anthu otsitsa nsomba, amayi osankha kamarawu, malole. Obowola anabweretsa mapaipi a maenje asanu ndi limodzi. Mestre anang'amba, kuluma, kulemba: dongo, dongo, dongo. Anayeza m'makina zidutswa zimene anasankha. Ine ndinalemba zonse m'kompyuta, nambala n'kutuluka yabwino, yoposa imodzi ndi theka. Mestre anasayina, bwana Cuamba anasayina, lipoti linapita. Sitima yokumba inkayembekezeka kufika pakatha masiku khumi.

Loweruka m'mawa ndikupala kokonati pakhonde kwathu ku Esturro, ndinangoona Mestre atayima pageti, njinga m'manja. Sanabwerepo kwathu chiyambire.

“Kwagwanji, Mestre? Kunyumba kuli bwino?”

“Kuli bwino. Tiyeni ku labotale.”

“Lero Loweruka. Ndili ndi ana, ndili ndi zochapa.”

“Mana, chonde.”

Mestre kunena kuti chonde kwa ine? Ndinasamba m'manja n'kuwatsatira.

Titafika anatulutsa matheka osungidwa aja a dzenje lachinayi n'kuwandanda patebulo. Kenako anayala kampango, n'kulowetsa zala m'kamwa, n'kutulutsa mano aja n'kuwaika pamenepo. Nkhope yawo inafota nthawi yomweyo. Ndinayang'ana kumbali, chifukwa zinali ngati ndawaona ali maliseche.

“Sindimva kanthu,” anatero, mawu akutuluka mopotoka. “Chibwererereni sindinamvepo kanthu. Dongo, mchenga, buledi, zonse n'chimodzimodzi. Ndimangotsinzina kuti muziona ngati ndikugwira ntchito.”

“Miyezi isanu ndi iwiri yonseyi?”

“Ndimati mwina ndizolowera.”

Anandiuza kuti pamene ankang'amba paipi ina ya dzenje lachinayi, waya unadutsa malo ena mopepuka, ndipo pamalopo panatsala kunyezimira kwa madzi. Analuma, osamva kanthu, n'kulemba kuti dongo. Kuyambira tsiku limenelo chakudya chinasiya kulowa.

Ndinapsa mtima. Ndinawakalipira ngati mwana, munthu wamkulu woti akanatha kundibala. Ndinawauza kuti nambala yanga ndi bodza chifukwa cha iwo, kuti anthu akanafa chifukwa cha matama awo, kuti akananena tsiku loyamba tikanayeza chidutswa chilichonse ndi sefa ngakhale zitenge mwezi. Anangodikira kuti mpweya undithere.

“Mwatha? Tsono lumani.”

“Ndani? Ine?”

“Muli ndi mano anu onse. Sefa itenga masiku amene tilibe. Lumani, mana.”

Iii, Mulungu andikhululukire mawu amene ndinanena. Koma ndinaluma. Matope a pansi pa nyanja ndi ozizira, amchere, ndipo amanunkha ngati dzira lovunda. Kachidutswa koyamba ndinathamangira panja. Nditabwerako Mestre anali atandikonzera kapu ya madzi ndi kachidutswa kachiwiri.

“Osatafuna ngati mbuzi. Ikani pa mano akutsogolo, muwasunthe pang'ono. Mukumva chiyani?”

“Nyansi.”

“Kupatula nyansizo.”

“Zikuterera.”

“Ndi dongo limenelo. Tiyeni patsogolo.”

Tinatsika choncho, chikhatho ndi chikhatho, iwo akutsina, ine ndikuluma ndi kulavula. Titangodutsa mamita asanu ndi anayi ndinamva. Zinkamveka bwino lomwe, timchenga tikukukutika m'mano. Sindinafunike kunena. Mestre anaona nkhope yanga n'kukhala pansi pa kabokosi.

Mpaka dzuwa kupendeka tinali titatsegula maenje onse. Mchengawo unali m'maenje asanu, wochindikala zala zitatu zokha, ndipo unkapendekera kumene sitima inkadzakumba. Mestre anadula chidutswa mosamala ngati akugwira khanda, n'kuchiika m'makina. Lachiwiri masana kamuvi kanakwera pang'ono, kenako kanagwa kamodzin'kamodzi, chidutswa chija n'kuphwasuka. Ndinalemba zimenezo m'kompyuta, n'kuikamo ndi kuphwa kwa nyanja yathu, imene imatsika mofulumira n'kusiya madzi atatsekeredwa m'dothi. Nambala sinafike n'komwe pa imodzi.

Mkwiyo unali utatha, kunatsala chisoni. Kunali kutatsala miyezi isanu ndi itatu kuti Mestre apume pantchito ndi dzina lawo lonse.

“Mestre, ndinena kuti ndine,” ndinatero. “Ndinena kuti ndinalakwitsa polemba manambala. Za kompyuta anthu amangopukusa mutu n'kuiwala.”

“Mchenga umene sunalembedwe papepala langa mukanaulemba bwanji m'kompyuta? Akufunsani funso limodzi, mugwa.”

Tinapita kwa bwana Cuamba. Anamvetsera atagwira mutu, anatukwana m'chilankhulo cha kwawo, kenako anaganiza mofulumira monga mwa chizolowezi chake.

“Chabwino. Tinena kuti tinapitiriza kuyeza ndipo tapeza zatsopano. Si bodza. Za mano zisatuluke m'chipinda muno. Mestre, mwamva?”

“Ndamva, bwana. Koma chibwererereni ndasayina malipoti atatu. Ili, la khoma la ku Macúti, ndi la mlatho waung'ono uja. Tikabisa chifukwa, awiri enawo adzawatsegula ndani?”

“Tidzawayang'ana mwakachetechete.”

“Khomalo ayamba kale kumanga. Eni ake ayenera kudziwa lero chifukwa chimene ayenera kuimira.”

“Mukudziwa kuti sindingathe kukutetezani?”

“Ndikudziwa.”

Ndinawakoka malaya panja. “Mwapenga kodi? Munthu akukupatsani khomo lotulukira!” Anangondiyang'ana, mano oyera aja ali m'malo mwake, n'kunena kuti akufuna tiyi.

Msonkhano unachitika Lachinayi m'ofesi ya kampani ya maboti ija. Munali anthu ngati khumi, kuphatikizapo mwini maboti, injiniya wawo, akuluakulu awiri a ku doko, ndi ife atatu. Ndinaonetsa zojambula zanga, mtsetse, kamzere ka mchenga, ndi mmene khoma lonse likanatsetserekera m'madzi pamodzi ndi zonse zomangidwa pamwamba pake. Mwini maboti anali atagula kale zitsulo, ndipo nkhope yake inkaonetsa.

Injiniya wawo anafunsa, “Mchenga umenewu unaphonyeka bwanji poyamba? Anaphonya ndani?”

Bwana Cuamba anatsegula pakamwa, koma Mestre anali atayimirira kale.

“Ndine. Ndinkazindikira mchenga wotere ndi mano. Mano anatha mu Febuluwale, ndipo sindinauze munthu. Chilichonse chimene ndasayina chaka chino chiyang'anidwenso.”

Mmodzi wa akuluakulu a ku doko anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Ataona kuti palibe wina akuseka, anasiya.

“Nanga amene waupeza ndani?” anafunsanso injiniya uja.

“Mana Felismina,” anatero Mestre, n'kukhala pansi.

Onse anatembenukira kwa ine. Injiniya uja anadzuka, kuzungulira tebulo, n'kudzandigwira chanza. Anati ndapulumutsa miyoyo ya anthu. Nayenso mwini maboti anagwedeza mutu movomereza. Zaka khumi ndi zinayi ndinali ndikulowa m'misonkhano yotere ngati wonyamula mapepala, ndipo tsiku limenelo akuluakulu a ku doko anafunsa dzina langa lonse n'kulilemba.

Ndinkayenera kunena chiganizo chimodzi chokha. Ndinkayenera kunena kuti ine ndinali ndikupala kokonati kunyumba, wokhutira ndi nambala yanga, ndipo amene anakaikira, amene anatsegulanso matope aja popanda womukakamiza, ndi munthu yemweyu mukumuyang'ana monyansidwayu. Ine Felismina, amene pakamwa panga pankadziwika doko lonse, amene ndinakalipirapo ndi woyendetsa chapa, minibasi ya kuno, mpaka kutsika yekha m'galimoto yake, ndinakhala chete. Sikuti ndinkaopa. Kuyamikiridwa kunandikomera, basi. Ndinati ndinena pakapita kamphindi, kenako anayamba kukambirana zosuntha malo omangapo, kamphindiko n'kudutsa.

Mestre anawapumitsa pantchito kumapeto kwa mwezi womwewo. Panalibe phwando. Anatenga kapu yawo, kawaya kawo ndi jasi, n'kumangirira pa njinga. Malipoti awiri ena aja tinawatsegulanso, ndipo onse anapezeka kuti ali bwino. Pokochezera maboti paja anapamanga chakumtunda pang'ono, ndi zitsulo zozama, ndipo palipo mpaka lero. Ine anandipatsa udindo woyang'anira labotale yonse.

Ku doko nkhani inayenda mwa njira yake. Ankati mdala Meque anatsala pang'ono kumiza anthu, mwamwayi mayi wina wa kompyuta anatulukira. Zaka makumi atatu ndi chimodzi zija palibe amene ankazitchulanso. Munthu akalakwitsa poyeza, anzake ankamufunsa ngati wabwereka mano a Meque. Poyamba ndinkawakalipira n'kufotokoza mmene zinayendera. Ankati, “Dona Felismina ndi odzichepetsa,” n'kundilemekeza koposa.

Mestre anagulitsa nyumba yosamaliza ija n'kusamukira ku Dondo, kwa abale a Dona Rabeca. Panapita zaka ziwiri ndisanalimbe mtima kukawaona. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akukonza tcheni cha njinga ya mnzawo, ataonda, mano oikirira aja atasiya kuwavala. Anandilandira bwino zedi. Anafunsa za makina opanikiza, ngati akudonthabe mafuta, anafunsa za ana anga mmodzimmodzi ndi mayina awo. Dona Rabeca anandipatsa moni wouma n'kulowa m'nyumba, osatulukanso.

Nditatsala pang'ono kutsanzika ndinati, “Mestre, tsiku lija ndinkayenera kulankhula.”

“Kulankhula chiyani? Munaluma ndinu.”

“Koma amene munabwera kudzanditenga ndinu.”

“Zinatha zimenezo, mana.” Anapukuta manja pansanza. Kenako anati, osandiyang'ana, “Ndinadikira pang'ono, pamene ankakugwirani chanza paja. Ndinati mwina.”

Ndinalira m'chapa njira yonse kuchokera ku Dondo mpaka ku Beira, osasamala amene akundiona.

Anamwalira mu 2004. Ku maliro kwawo, wochokera ku doko ndinali ine ndi mlonda wathu wakale basi. Ndinagwirabe ntchito zaka zina khumi ndi zitatu, ndipo aliyense wobwera kudzayamba ntchito mu labotale ndinkamukhazika pansi tsiku loyamba n'kumuuza nkhani yonse, kuyambira pa njinga ili pageti langa Loweruka m'mawa. Ndikuuzabe aliyense amene angandipatse khutu. Koma anthu khumi amene anali m'chipinda chija, amene ankafunika kumva, ena anamwalira, ena anasamuka kalekale. Amene ndimawauza tsopano sanawaonepo Mestre. Amamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti ankaoneka kuti anali munthu wabwino, kenako amafunsa ngati angapite kukadya.